Tayala Likukhula Madigadi: Kupeza Mpata pa Chevrolet Yakale Yotsitsidwa Yokhala ndi Subframe ya Jaguar

Galimotoyo isanaime n'komwe pakhomo la galaja, fungo la labala wopserera linali litatifika kale. Inali Chevrolet ya 1952 ya zitseko ziwiri, penti yake yobiriwira ikuwala, itatsitsidwa mpaka matayala akutsogolo kubisala theka m'madigadi. Mwini wake, bambo wachikulire wa kum'mawa kwa Johannesburg, anabwera ndi ganizo limodzi lokha: "Dulani madigadiwo." Nditagwada n'kupisa dzanja pamwamba pa tayala lakumanja, ndinapeza mzere wakuya m'mbali mwake, ngati wina wadutsitsapo mpeni kuzungulira tayala lonse. Tizidutswa ta labala tinali titamatirira pa mlomo wa madigadi, tikadali totentha.

Sitinadule chilichonse pa galimoto imeneyo, ndipo ndikukupemphani kuti nanunso chopukusira chiyambe chakhala m'bokosi. Madigadi a galimoto ya zaka zoposa 70 sagulidwa pa shopu yapakona, ndipo kawirikawiri vuto silikhala pa iwo. Limakhala pa malo amene paikidwa subframe (chimango chachitsulo chonyamula matayala akutsogolo, chimene pa galimotoyi chinali cha Jaguar), pa rimu, kapena pa kukula kwa tayala.

Chevrolet ya 1949 mpaka 1954 inabwera ndi miyendo yakutsogolo (zitsulo zogwira matayala) ya makingipini ndi mabuleki a diramu. A ku America akafuna kuisintha amakonda kuika za Camaro kapena za Ford Mustang II ya 1974 mpaka 1978. Ku South Africa, ku Australia ndi ku Britain, kumene chiwongolero chimakhala kumanja, ambiri amatenga subframe ya Jaguar XJ6 kapena XJ12, ya mtundu umene unapangidwa kuyambira 1968 mpaka 1992. Imachoka yonse pamodzi ndi mawishiboni (mikono yachitsulo yogwira tayala pamwamba ndi pansi), masipuling'i, mabuleki a disiki ndi rack ya chiwongolero (chitsulo chopingasa chokhotetsa matayala), ndipo mabawuti ake a tayala ndi 5 pa mzere wozungulira wa mamilimita 120.65 m'mimba mwake, chimodzimodzi a Chevrolet. Kufanana kumeneku n'kumene kumapusitsa anthu. Rimu ikangolowa pa mabawuti, munthu amati ntchito yatha.

Imitsani galimoto mmene imayendera

Pezani simenti yosalala, osati bwalo la dothi. Injini, giyabokosi, radiyeta ndi batire zikhale m'malo mwake, thanki ikhale ndi mafuta ofika theka, matayala onse akhale ndi mpweya wofanana. Ikankheni galimotoyo mamita awiri kutsogolo ndi kubwerera, muigwedeze kangapo kuti masipuling'i akhazikike. Galimoto yongotsika kumene pa jeke imaima pamwamba kuposa mmene imakhalira pamsewu, ndipo muyeso wake ndi wabodza.

Yezani kuchokera pakati pa habu, chitsulo chimene rimu imamangidwapo, kufika pa mlomo wa madigadi, mbali zonse ziwiri, mulembe pa tepi yomata pa madigadi pomwepo. Nambala imeneyi mudzaifuna kangapo.

Werengani zizindikiro

Chotsani tayala muunike ndi tochi. Pamene pakukhula sipabisika: penti yachoka, chitsulo chikuwala, kapena pali chidetso cha labala. Ngati mwapenta kumene ndipo simukuona kanthu, pakani choko m'kati mwa madigadi, pa chesisi ndi pa chitsulo cha anti-roll bar (chochepetsa kupendekeka kwa galimoto pokhota), muyende pang'ono mukukhota mbali zonse, mubwere mudzaone pamene choko chafufutika.

Malo ake amakuuzani nkhani. Tayala likadulidwa m'mbali yakunja ndi mlomo wa madigadi, ndiye kuti latuluka kwambiri, ndipo mlandu uli pa rimu. Likakhula denga la madigadi pakatikati pa mapazi ake, ndiye kuti ndi lalitali kapena mwendo ukukwera mopitirira. Likakhudza chesisi kapena anti-roll bar pokhapokha mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, vuto ndi la rack kapena rimu yolowa m'kati kwambiri. Koma likamakhula kumbuyo kwa madigadi, kufupi ndi chitseko, pamene kutsogolo kuli mpata woti nkhonya n'kulowa, konzekerani nkhani yovuta, chifukwa subframe siili pamalo pake.

Kodi tayala lili pakati?

Apa musafulumire. Mukalakwitsa apa, zonse zotsatira zidzakhala zigamba.

Mangirirani nati ku chingwe chopyapyala, chikhale chingwe choongolera ngati cha amisiri omanga nyumba. Matani mapepala pa simenti pansi pa galimoto. Tsitsani chingwecho kuchokera pakati pa ball joint (mfundo yolumikiza wishiboni ndi chogwira habu) yapansi yakumanzere, mulembe kadontho papepala, muchitenso chimodzimodzi kumanja. Kenako sankhani mabowo awiri a ku fakitale pa chesisi, chapakati kapena chakumbuyo, amene ali pamalo ofanana mbali zonse, mutsitsenso chingwe. Muli ndi madontho anayi. Kankhani galimoto ichoke, muyeze utali wa kumanzere ndi wa kumanja, kenako muyeze mopingasa, kuchokera kutsogolo kumanzere kufika kumbuyo kumanja, ndi mbali inayo. Ine ndimalola kusiyana kwa mamilimita 3 basi. Kukaposa pamenepo, subframe yakhala chopendekera, ndipo n'chifukwa chake tayala limodzi limakhula pamene linzake lili bwinobwino.

Yezaninso kutalikirana kwa habu yakutsogolo ndi yakumbuyo. Pa Chevrolet za zaka zimenezi fakitale inaika mainchesi 115, omwe ndi mamilimita 2,921. Komabe musakhulupirire nambala yokha. Bwererani mamita asanu, mukhale chonjuta, muyang'ane tayala m'madigadi. Khomo la madigadi amenewa si lozungulira ndendende, choncho tayala likakwera m'mwamba chifukwa chotsitsa galimoto, limatha kuoneka ngati labwerera m'mbuyo ngakhale muyeso uli wolondola. Amisiri ambiri amasunthira subframe kutsogolo mamilimita 10 mpaka 20 pa chifukwa chimenechi. Chisankhocho chimafuna madigadi ali pa galimoto, atamangidwa ndi mabawuti ake onse. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amawotcherera zonse chesisi ili yokhayokha, madigadi atatsamira khoma, n'kudzazindikira patatha miyezi penti itauma kale.

Ngati subframe yanu ndi yomanga ndi mabawuti pa mabulaketi, kuisuntha ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri. Ngati inawotchereredwa ku chesisi, pafunika kudula ndi kuwotchereranso, ndipo ntchito imeneyo apatseni odziwa kuwotcherera chesisi, osati aliyense amene ali ndi makina. Kumbukiraninso kuti mukaisuntha, shafiti ya chiwongolero, mapaipi a mabuleki ndi mpata wa sampu ya injini zonse zisintha.

Chinanso: ku Jaguar subframe imeneyi inkakhala pa malabala. Ena amawasunga kuti galimoto isamanjenjemere, ena amamanga chitsulo pa chitsulo. Ngati yanu ili pa malabala, dziwani kuti mukaponda buleki mwamphamvu tayala limakankhidwira m'mbuyo pang'ono, ndipo malabala akatha limapita kwambiri. Siyani mpata wochulukirapo kumbuyo, ndipo malabala otha asintheni musanayeze china chilichonse.

Chotsani sipuling'i, muyendetse mwendo ndi jeke

Iyi ndi ntchito imene anthu amaithawa, koma ndi imene imaonetsa chilungamo chonse.

Choyamba chenjezo, ndipo ndikunena mochokera pansi pa mtima. Sipuling'i ya Jaguar ndi yaitali ndipo imakhala yopanikizidwa koopsa pakati pa subframe ndi mbale yomangidwa kunsi kwa wishiboni yapansi. Ikaphonyoka imathyola dzanja kapena nsagwada. Imachotsedwa ndi chida chokhala ndi chitsulo chamazinga cholowa pakati pa sipuling'iyo, chogwira pamwamba ndi pansi, ndipo mumamasula pang'onopang'ono mabawuti a mbale atachoka. Zopanira zakunja zija za magalimoto ang'onoang'ono si za pano. Galimoto ikhale pa masitandi olimba pansi pa chesisi, osati pa jeke, osatinso pa njerwa. Nkhope yanu isakhale pa mzere wa sipuling'i.

Sipuling'i ikachoka, siyani shoko ndi kalabala kogunda mwendo, kotchedwa bump stop, m'malo mwake. Bwezerani tayala. Ikani jeke pansi pa wishiboni, mukweze mpaka muyeso wa habu ndi madigadi ufanane ndi uja munalemba pa tepi. Pamenepo mwendo uli pamene umakhala galimoto ikamayenda. Tsopano mnzanu akhotetse chiwongolero pang'onopang'ono mpaka kumapeto kumanzere, kenako kumanja, inu mukuzunguza tayala ndi dzanja, khutu lili tcheru. Kwezani jeke mamilimita 20, mubwerezenso. Pitirizani choncho mpaka wishiboni igunde bump stop n'kuifinya. Kenako tsitsani mpaka pansi penipeni muone ngati paipi ya labala ya buleki sikukokeka kapena kukhudza rimu.

Pamene dzanja silifika, umbani kampira ka dothi lonyowa kapena ka sopo wofewa, mumate m'kati mwa madigadi, mukweze tayala, mutsitse, muyeze kukhuthala kwa zimene zatsala. Mpata umene mukufuna ndi wa mamilimita 15 mpaka 20 paliponse, chala chamkombaphala chizilowa momasuka. Wocheperapo umaoneka wokwanira m'galaja, koma pamsewu tayala limapindika pokhota, mabushi amafinyika, ndipo mpatawo umatha.

Lembani pa pepala malo aliwonse pamene pakhudza, ndi msinkhu umene pakhudzira. Malo oopsa kwambiri amakhala pamene tayala lakhota theka ndipo mwendo wakwera, monga zimachitikira polowa pageti lokwera kapena podutsa hampu chokhota.

Rimu: apa ndi pamene ambiri amachira

Offset ndi mtunda wochokera pakati pa rimu kufika pa nkhope yake yogunda habu. Imalembedwa kuseri kwa rimu ndi zilembo ET. Nambala ikakula, tayala limalowa m'kati. A ku America amakonda kuyeza backspace, mtunda wochokera pa nkhope yogunda habu kufika pa mlomo wakumbuyo wa rimu. Kuti muyeze nokha, gonekani rimu chafufumimba, ikani chitsulo chowongoka pamwamba pake, muyeze kutsika mpaka pa nkhopeyo.

Pali msampha umodzi pa masamu ake. Rimu yolembedwa mainchesi 7 imakhala pafupifupi mainchesi 8 mukayeza kunja kwa milomo yake, chifukwa nambala yolembedwayo ndi ya m'kati mokhala tayala. Tiyeni titenge rimu ya 15x7 ya backspace ya mainchesi 4.25. Mainchesi 8 kuchotsa 4.25 kutsala 3.75, kutanthauza kuti mlomo wakunja uli mamilimita 95 kuchokera pa habu, ndipo offset yake ndi mamilimita 6 okha. Tsopano tengani ya 15x6 ya ET30. Kunja kwake ndi mainchesi 7, mamilimita 178. Theka lake ndi 89, kuchotsa 30 kutsala 59. Mlomo wakunja walowa m'kati mamilimita 36, ndipo pakati pa tayala pasuntha mamilimita 24, popanda kukhudza madigadi ngakhale ndi nyundo.

Izi ndi zimene zinali pa Chevrolet yobiriwira ija. Bamboyo anagula marimu akuya, okongola ndithu, a mtundu umene umakhala bwino pa diramu ya Chevrolet. Koma Jaguar anapanga miyendo yake kuti izivala marimu olowa m'kati. Tinabwereka rimu yachitsulo ya XJ6 kwa wogulitsa zida zakale, tinaiveka tayala lomwelo, ndipo mlomo wa madigadi unasiya kufika pa labala.

Musanagule, bwerekani kapena dulani chithunzi cha tayala ndi rimu pa katoni yolimba, mumange pa habu, mubwereze ntchito ya jeke ija. Zimene mwapindula kunja mwazitaya m'kati, choncho onani mpata wa pa kalipa ya buleki, pa ball joint yapamwamba, pa tie rod (chitsulo chochokera ku rack kupita ku tayala) ndi pa chesisi. Marimu a mainchesi 14 kawirikawiri salowa pa makalipa a Jaguar, 15 ndiye poyambira. Bowo lapakati nalo liyang'aneni: habu ya Jaguar imafuna la mamilimita 73.8, pamene marimu ambiri a Chevrolet ali ndi la 70.3. Rimu yotere imaoneka ngati yakhala, koma yatsamira pa habu osafika pa nkhope yake, ndipo manati amamasuka m'njira. Bowolo likulitsidwe pa makina a lefu, osati ndi tupa. Manati nawonso ndi osiyana, a Jaguar ndi a theka la inchi pamene a Chevrolet yakale ndi a 7/16.

Za ma spacer oika kuseri kwa rimu: amatulutsa tayala kunja, choncho ngati vuto lanu lili pa mlomo wa madigadi, amangoonjezera moto. Amathandiza pokhapokha pakukhula m'kati, ndipo nati izigwirabe mazinga otalika ngati kunenepa kwa bawuti yake kapena kuposerapo.

Tayala

Masamu ake ndi achidule. Pa 205/70R15, limene linali tayala la XJ6, khoma lake ndi 70 peresenti ya kunenepa kwake kwa 205, mamilimita 143.5. Kawiri ndi 287, kuphatikiza 381 ya rimu ya mainchesi 15, zonse 668. La 195/65R15 limakwana 634.5. Kusiyana kwake ndi mamilimita 33.5, koma mpata umene mwapeza pamwamba pa tayala ndi theka lake, pafupifupi 17, ndipo galimoto yatsikanso ndi 17 yomweyo. Kunenepa kwachepa ndi 5 mbali iliyonse.

Musatsike mopitirira. Galimotoyi ndi yolemera, makamaka ikakhala ndi V8, choncho onani nambala ya katundu imene tayala limanyamula. Ndiponso tayala laling'ono kwambiri m'madigadi aakulu chonchi limachotsa ulemerero wa galimoto, ine sindilikonda. Dziwaninso kuti matayala a nambala imodzi ochokera ku makampani osiyana safanana mapewa. Lina ndi la mapewa ozungulira, lina a ngodya, ndipo mamilimita 5 amene mukuwasowa akhoza kukhala pamenepo.

Msinkhu, camber ndi caster

Yang'anani wishiboni yapansi galimoto itaima. Iyenera kukhala yogona molingana ndi simenti kapena kutsikira pang'ono chakutayala. Ikakhala yokwera chakutayala, mwatsitsa mopyola zimene mwendowo unapangidwira, ndipo mpata wofika pa bump stop watha. Ine ndimafuna kuti tayala lizitha kukwera mamilimita 50 kapena 60 lisanagunde. Ngati masipuling'i anadulidwa ndi moto wa gasi, atayeni, chifukwa kutentha kumafewetsa chitsulo ndipo amapitiriza kutsika mwezi ndi mwezi. Pa Jaguar pali njira yaukhondo: kuika timbale tachitsulo pakati pa wishiboni ndi mbale ya sipuling'i kumatsitsa galimoto, kuika chochindikala pansi pa sipuling'i kumaikweza. Nthawi zina kukweza mamilimita 12 okha kumathetsa nkhani yonse, ndipo palibe amene angazindikire ndi maso.

Camber, kupendekeka kwa mutu wa tayala m'kati kapena kunja, imasinthidwa ndi mashimu (tizitsulo topyapyala topinirira) a kuseri kwa shafiti ya wishiboni yapamwamba, ofanana pa mabawuti onse awiri. Kupendeketsa mutu wa tayala m'kati digiri imodzi kumaulowetsa pafupifupi mamilimita 6. Theka la digiri mpaka digiri imodzi n'kololeka. Kuposa pamenepo tayala lidzadyeka m'kati. Caster, kupendekeka kwa mzere wa ma ball joint awiri kutsogolo kapena kumbuyo, imasinthidwa posamutsa mashimu a m'mbali mwa ball joint yapamwamba, kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo kapena mobwerera, osachepetsa chiwerengero chawo. Imasuntha tayala pang'ono chabe, choncho musaigwiritse ntchito pobisa subframe yolakwika malo. Mukagwira chilichonse mwa izi, galimoto ipite ku alayimenti.

Ngati pakukhudza pokhapokha chiwongolero chikafika kumapeto, vulani labala wophimba rack, mulowetse kamphete ka nayiloni kapena aluminiyamu ka mamilimita 5 pa shafiti ya rack, kuseri kwa tie rod yam'kati, mbali zonse ziwiri mofanana. Galimoto idzafuna bwalo lokulirapo potembenuka, ndiye onjezerani pang'onopang'ono. Bump stop yayitaliko imaletsa tayala kufika padenga, koma musaisandutse mpando wa galimoto. Ndipo ndi bump stop imene iyenera kuimitsa mwendo, osati shoko kufika pamapeto pake.

Madigadi, pomalizira

Zonsezi mutachita n'kutsala mamilimita ochepa, ndiye gwirani madigadi. Yambani ndi am'kati, amene saoneka. Amenewo mukhoza kuwamenya ndi nyundo yozungulira, kapena kudula kachigawo n'kuwotcherera kena kofufuma.

Mlomo wakunja umapindidwira m'mwamba ndi chida chomanga pa habu chokhala ndi kagudumu kapulasitiki. Tsukani matope onse a kuseri kwa mlomowo. Dutsitsani maginito m'mbali mwake: pamene sakugwira pali fila (phala lomatira mabala a chitsulo), ndipo fila amasweka. Tenthetsani penti ndi chowuzira mpweya wotentha mpaka pofunda kwambiri koma dzanja n'kukhudzabe, muyendetse kagudumu uku ndi uku, mukumanga pang'ono ulendo uliwonse. Chitsulo cha nthawi imeneyo n'chokhuthala, sichimva msanga, choncho lezani mtima. Pindani chigawo chapamwamba chokha, kuyambira pa 10 koloko mpaka pa 2 koloko ngati khomo la madigadi likanakhala wotchi. Mukamaliza, pakani mankhwala oletsa dzimbiri mu mpindirowo, chifukwa madzi amakonda kukhala m'menemo.

Mwini wake akuyenera kudziwiratu kuti penti yakale ikhoza kung'aluka ngakhale mutasamala chotani.

Pamsewu

Bwezerani masipuling'i ndi chida chomwe chija. Mabawuti a mabushi a wishiboni amangeni komaliza galimoto itaima pa matayala ake, apo ayi malabala amapotoka n'kung'ambika msanga. Yang'anani pansi: chilichonse cha subframe, sampu kapena ekizozi chisatsike kuposa mlomo wapansi wa rimu, kuti tayala likaphulika galimoto ikhale pa rimu, osati pa chitsulo cha chiwongolero.

Lembani muyeso wa habu ndi madigadi wa tsikuli, mupakenso choko. Kwezani anthu awiri kapena atatu, mupeze bwalo lopanda magalimoto, muzungulire mozungulira kumanzere ndi kumanja, kutsogolo ndi chobwerera. Dutsani hampu molunjika, kenako chopingasa. Pondani buleki mwamphamvu kamodzi kapena kawiri. Wailesi ikhale yozima ndipo mawindo akhale otsegula. Mukabwerera chotsani matayala muone choko. Masipuling'i atsopano amatsika pang'ono m'masabata oyamba, choncho mukayenda makilomita 100 manganinso manati a matayala, muyeze kuchokera pa habu kufika pa madigadi, mufananize ndi nambala ya tsiku limene munamaliza ntchito. Ngati yatsika kuposa mamilimita 10, bwerezani kuyeza ndi dothi lija musanapite ulendo wautali.